Pulinta ya maenvelopu pano pa Dedza: inki kapena toner? Werengani musanataye ndalama

Funso ili labwera ku inbox kwanga kangapo mwezi uno, moti ndaona kuti bola ndiliyankhe pamodzi pano. Wina watenga ndalama ku banki m'khonde, wina wagulitsa mbatatesi za ku Bembeke, wina walandira ngongole ya NEEF, ndipo onse akufuna kutsegula kashopu ka fotokope ndi kupulinta. Funso lawo ndi limodzi: "Ndikufuna pulinta yoti izitha makhadi aukwati ndi maenvelopu. Ndigule ya inki kapena ya toner?"

Ine ndili ndi kashopu kotere pa boma pano, ndipo makina amitundu iwiri yonseyi ndagwira nawo ntchito. Yankho langa mwachidule ndi ili: envelopu si pepala wamba. Ili ndi guluu, ili ndi mapindo, mkati mwake muli mpweya, ndiponso imamwa chinyontho. Choncho pano pa Dedza zimene zikuyenera kukusankhirani makina ndi zitatu: kutentha kwa makinawo, chinyontho cha kwathu kuno, ndi magetsi. Dzina la kampani ndi kukongola kwa makina zibwere pambuyo.

Zimene zinandichitikira

Ndiyambe ndi manyazi anga omwe. Unali mwezi wa Julayi, m'mawa wa nkhungu ija yoti phiri la Dedza silioneka olo uli m'munsi mwake. Amayi ena a mpingo wina anabwera ndi maenvelopu 300 a Paper Sunday, oti ndilembepo dzina la mpingo, tsiku, ndi mizere yolembapo dzina ndi ndalama. Maenvelopuwo anagona usiku mu katoni pansi pa simenti m'shopu mwanga. Ndinawalowetsa mu laser ndili phee, ndikucheza pa foni. Atatuluka pafupifupi 60 ndi pamene ndinatola imodzi: inali itamatika yokha, ndipo pakati inali ndi makwinya ngati malaya osasita. Ndinayang'ana enawo, onse chimodzimodzi.

Amayi aja atabwera masana anangogwira pakamwa. "Mwana wanga, nanga ndalama anthu alowetsa bwanji mmenemu?" Ndinalibe yankho. Ndinagula maenvelopu ena ndi ndalama zanga, ndipo phindu la ntchito yonseyo linathera pomwepo. Vuto silinali la makina. Vuto linali langa, posadziwa chimene chimachitika mkati mwa makinawo.

Mmene makina awiriwa amagwirira ntchito

Pulinta ya laser, imene ambiri timangoti ya toner, imagwiritsa ntchito ufa. Toner ndi ufa wosalala kwambiri wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto. Kuwala kwa laser kumajambula zolembazo pa drum, ufa umakakamira pamene pajambulidwapo, kenako umasamukira pa pepala. Pomaliza pepalalo limadutsa pa fuser, malo amene amatentha mpaka kuyandikira madigiri 200, uku akulipanikiza. Ufa uja umasungunuka n'kumatirira pamwamba pa pepala. N'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu: Chester Carlson anayamba nayo mu 1938 ku America, ndipo HP inatulutsa LaserJet yake yoyamba mu 1984.

Pulinta ya inkjet ilibe ng'anjo imeneyi. Ili ndi mutu, umene amakaniko amautcha head, wokhala ndi timabowo tating'onoting'ono tolavulira timadontho ta inki pa pepala. Pepala limamwa inkiyo n'kuuma lokha. Kale ma inkjet ankadula chifukwa cha timakatiriji tija timene timatha usanamalize ngakhale ntchito imodzi. Zinthu zinasintha Epson itayamba kugulitsa makina a thanki mu 2010, koyamba ku Indonesia. Lero Epson, Canon, HP ndi Brother onse ali ndi makina othira inki ya m'botolo. Ndikamanena za inkjet m'nkhani ino, ndikunena ya thanki. Ya katiriji ija ku bizinesi iiwaleni, olo ikhale yotchipa bwanji pogula.

Tsopano mwaona chimene chinachitikira maenvelopu a amayi aja. Anamwa chinyontho usiku, fuser inasandutsa chinyonthocho nthunzi, nthunzi inanyowetsa guluu, ndipo kupanikiza kuja kunamaliza ntchito yomata. Makwinya nawo anabwera chifukwa envelopu ndi mapepala awiri ophatikizana, ndiye akamapanikizidwa ali onyowa sayenda mofanana.

Chinyontho cha kwathu kuno

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ndi tawuni yokwera kuposa matawuni ena onse m'Malawi muno. Juni ndi Julayi kumazizira, m'mawa nkhungu ili tolo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi mvula. Mnzanu wa ku Salima kapena ku Mangochi akakuuzani kuti laser yake siyivuta pa maenvelopu, sakunama, koma nyengo yake si yathu.

Chinyontho chimavutitsa makina onse awiri, koma mosiyana. Laser imavutika envelopu ikamalowa ili yonyowa. Inkjet imavutika envelopu ikatuluka kale n'kukumana ndi madzi. Apa m'pofunika kudziwa kuti inki ili mitundu iwiri. Ya dye ndi utoto wosungunuka m'madzi: mitundu yake imawala bwino, koma dontho limodzi la mvula likagwerapo zolemba zimayenderera, ndipo padzuwa imafwifwa msanga. Ya pigment ndi timibulu tosasungunuka, timene tikauma sitichoka wamba ndi madzi.

Ichi nachonso ndinachiphunzira movutika. Maenvelopu a chinkhoswe amene ndinapulinta ndi inki ya dye anakwera kabaza kupita ku Linthipe mu Januwale, mvula n'kuwapeza panjira. Mayina a alendo anasanduka mitambo ya buluu. Toner ikanakhala bwinobwino, chifukwa pulasitiki sasungunuka ndi mvula.

Ndiye musanagule inkjet, funsani mtundu wa inki yakuda. Epson L3210 ndi L3250, amene adzaza m'mashopu ambiri, amagwiritsa ntchito dye m'mitundu yonse inayi. Canon G3411 yakuda yake ndi pigment, mitundu inayo ndi dye. Ma Epson a M, monga M1100, amapulinta zakuda zokha ndi pigment. Pa envelopu zambiri zimene timalemba ndi mayina ndi ma adiresi akuda, choncho pigment yakuda ndi chinthu chachikulu.

Kwa amene muli kale ndi laser, pali kanthu kena ka kumapiri kuno. Ma laser ena, makamaka a Samsung, ali ndi setting yotchedwa Altitude Adjustment, chifukwa mpweya wopepuka wa pamalo okwera umasokoneza mmene ufa umasamukira pa pepala. Makinawa amabwera atatcheredwa pa malo osapitirira mamita 1,000. Ife tili pakati pa 1,000 ndi 2,000, ndiye ngati makina anu ali nayo, isintheni.

Magetsi

Apa ndi pamene inkjet imapambana popanda mkangano. Epson ya thanki yaing'ono imadya mawati pafupifupi 12 ikamapulinta, kufanana ndi babu limodzi la LED lalikulupo. Laser yaing'ono imadya mawati opitirira 300, ndipo ikamatenthetsa fuser poyamba imakoka ochuluka kuposa pamenepo. Magetsi akathima, inkjet ndi laputopu zimayenda bwinobwino pa batire limodzi, ka inverter ndi sola ya padenga. Laser mukayilumikiza ku ka inverter kapena ka UPS kakang'ono, kamangolira n'kuzima, mwinanso kupsa kumene. Imafuna jenereta kapena inverter yamphamvu, ndipo mafuta a jenereta mukudziwa kale mmene amavutira.

Amene mukufuna kutsegula ku Lobi, ku Mayani, pa Chimbiya kapena malo ena amene magetsi ndi a apo ndi apo, mfundo iyi yokha ikhoza kukusankhirani makina. Kasitomala amene ukwati wake uli Loweruka samva zoti magetsi anathima.

Chenjezo lina: magetsi athu ndi a 230V. Makina a kaunjika ochokera ku America amakhala a 110V, ndipo mukangowalowetsa pa soketi, basi, apita. Werengani kachizindikiro kumbuyo musanapereke ndalama.

Masaizi a maenvelopu

Ambiri timangoti "yaing'ono", "yapakati" ndi "yaikulu ya khaki", koma makina amadziwa manambala. C6 ndi 114 x 162 mm, yolowa A4 yopinda panayi, ija ya zopereka ndi makhadi aang'ono. DL ndi 110 x 220 mm, yaitali ija ya makalata a ntchito, yolowa A4 yopinda patatu. C5 ndi 162 x 229 mm, yolowa A4 yopinda pawiri. C4 ndi 229 x 324 mm, yolowa A4 yosapinda, ija ya ma setifiketi ndi ma tenda.

Onani bwino pa C4. Pulinta ya A4 imalandira pepala losapitirira 216 mm m'lifupi, pamene C4 ndi 229 mm. Kutanthauza kuti siyilowa, kaya makinawo ndi a inki kapena a toner. Musalonjeze kasitomala wa ku ofesi kuti mupulinta pa C4 ngati mulibe makina a A3. Njira yotchipa ndi kupulinta pa stika n'kumata, kapena kudula chidindo.

Onaninso mmene envelopu imayendera mkati. Ma inkjet ambiri a thanki amalowetsera kumbuyo, envelopu n'kutsika mosapindika kwambiri, koma amalandira pafupifupi 10 pa nthawi imodzi. Maenvelopu 300 ndiye kuti muimirira pamenepo maulendo 30. Pa laser funani yokhala ndi thireyi ya pamanja kutsogolo ndi kachitseko kotulukira kumbuyo, kuti envelopu idutse mowongoka. Ma Brother ambiri ali ndi timaleva tiwiri tobiriwira kuseri kwa kachitsekoko, totsitsa mukamapulinta maenvelopu kuti fuser isapanikize kwambiri. Laser imene imatulutsira pamwamba pokha imapinda envelopu ngati chilembo cha S, ndipo makwinya amayambira pamenepo.

Envelopu iti, makina ati

Envelopu yoyera wamba kapena ya khaki, ya guluu wonyowetsa: makina onse awiri amatha, bola ikhale youma ngati ikulowa mu laser.

Ya windo la pulasitiki: inkjet. Mu laser kapulasitikiko kakhoza kusungunuka n'kuononga fuser, pokhapokha ngati pa paketi palembedwa kuti ndi ya laser.

Ya guluu womata yekha, wopanda kapepala kophimba: inkjet basi. Ya kachitsulo kapena kachingwe kotsekera: osayilowetsa m'makina alionse.

Yonyezimira ija ya makhadi aukwati: apa toner ndiye mfumu. Pepala lotere silimwa madzi, ndiye inki imangokhala pamwamba, mukakhudza ndi chala yafufutika. Toner imamatirira. Ndipo pali kaluso kamene akwati amakakonda: mukapulinta dzina ndi toner yakuda, n'kuikapo foil yagolide, n'kudutsitsa mu laminator, golideyo amakakamira pa toner pokha. Ndi inki zimenezi sizitheka.

Yokhakhala, yokhala ndi timizere kapena timabowo pamwamba: inkjet imachita bwino chifukwa inki imalowa m'timaenjemo, pamene toner imasiya mipata ndipo nthawi zina imasupuka.

Yamtundu wakuda, wofiira kwambiri kapena wa buluu woderapo: makina wamba onse awiri alibe utoto woyera, ndiye zolemba sizioneka. Pa khaki mitundu imasintha, logo ya buluu imatuluka ngati yatopa. Muuzeni kasitomala zimenezi asanalipire.

Masamu a ndalama

Mtengo wa makina umaupereka kamodzi, wa inki kapena toner umaupereka moyo wonse wa bizinesi. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Sindilemba mitengo pano chifukwa pofika mwezi wamawa ikhala itasintha. Ndikupatsani njira yowerengera nokha.

Tengani mtengo wa botolo kapena katiriji, mugawe ndi masamba amene kampani imalonjeza. Katiriji ya HP 85A, ija ya LaserJet P1102, imalonjeza masamba 1,600. Botolo lakuda la Epson 103 limalonjeza masamba 4,500. Tingoyerekeza kuti zonse ziwiri mwagula pa mtengo wofanana wa K45,000: tsamba la toner likhala pa K28, la inki pa K10. Ikani mitengo yeniyeni ya lero, muona nokha. Pa zamitundu kusiyanaku kumakula kwambiri, chifukwa laser ya mitundu imafuna makatiriji anayi.

Koma musaiwale zobisika. Laser ili ndi drum ndi fuser zimene zimatha, ndipo maenvelopu amadya fuser msanga kuposa mapepala wamba chifukwa cha mapindo ake. Inkjet ili ndi head imene ikatsekeka kotheratu mtengo wake umayandikira wa makina atsopano, komanso thonje lomwa inki yotayika limene likadzadza makina amakana kugwira ntchito mpaka akonzedwe. Liwiro nalonso ndi ndalama: P1102 imatulutsa masamba 18 a A4 pa mphindi, L3250 pafupifupi 10 akuda ndi 5 amitundu. Nthawi ya mayeso, masukulu akabwera ndi mapepala mazanamazana, kusiyanaku mumakumva m'miyendo.

Chomaliza pa ndalama: gulani makina amene inki yake ndi zipangizo zake zimapezeka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Makina okongola amene m'bale wanu wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg, koma toner yake mpaka muitanitse komweko, adzakhala patebulo ngati chokongoletsa. Funsani kaye amakaniko kuti ndi makina ati amene amawadziwa kukonza.

Ndiye ndigule chiyani?

Ngati ndalama ndi ya makina amodzi okha, ndipo ntchito zanu zikhala maenvelopu a mipingo, makhadi, zithunzi za pasipoti ndi makalata ofunsira ntchito, gulani inkjet ya thanki yokhala ndi inki yakuda ya pigment. Siyimata maenvelopu, imayenda pa sola, imapulinta mitundu motchipa.

Ngati muli pamalo a magetsi odalirika, makasitomala anu ndi maofesi ndi masukulu, ndipo ntchito zambiri ndi zakuda zokha, gulani laser yakuda yokhala ndi potulukira kumbuyo.

Bizinesi ikakula, khalani ndi onse awiri. Ndi mmene ndikuchitira ine pano: logo ndi mitundu pa inkjet, zonyezimira ndi ntchito zothamanga pa laser. Amodzi akadwala, shopu siyitseka. Laser ya mitundu ndi makina a A3 zidikire mpaka ntchito zake zitayamba kubwera zokha. Osagula makina pofuna kuti anthu akuoneni, ngongole siyiona zimenezo.

Mukapita kukagula

Nyamulani maenvelopu anu enieni, amene mumagula pano, osachepera asanu pa mtundu uliwonse. Pemphani wogulitsa apulinte pamaso panu. Akakana, pitani shopu ina.

Ikatuluka, yesani zinthu zinayi. Tsegulani muone ngati yamatika. Yang'anani makwinya m'makona. Dikirani mphindi imodzi, mukhule ndi chala. Kenako dontheza madzi pang'ono pa zolembazo. Mayeso amenewa satenga mphindi zisanu, koma akanandipulumutsa ine kawiri konse.

Funsani waranti yolembedwa pa risiti, osati ya pakamwa. Funsaninso ngati waranti imatha mukathira inki ya kampani ina. Ngati makinawo ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, pulintani tsamba loonetsa chiwerengero cha masamba amene apulinta kale, ndipo pa inkjet pulintani nozzle check muone ngati mizere yonse ikutuluka yosaduka.

Kasamalidwe kake

Maenvelopu sungani mu chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, pa shelefu, osati pansi kapena mogunda khoma. Timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato tiponyeni momwemo. Tsegulani paketi imodzi yokha imene mukugwiritsa ntchito.

Musanalowetse, akanikizeni patebulo kuti mpweya utuluke ndipo mapindo agone. Mu kompyuta sankhani saizi yolondola, ndipo pa mtundu wa pepala sankhani Envelope, chifukwa zimenezi zimauza makina kuti asinthe liwiro ndi kutentha. Yambani ndi imodzi, muione, kenako zisanu, kenako zonse. Ndipo foni ikhale m'thumba.

M'mawa wozizira yatsani laser ikhale kanthawi isanayambe ntchito, chinyontho cha mkati chithe. Inkjet isakhale sabata yathunthu osapulinta, inki imauma m'timabowo. Muzizimitsa ndi batani lake, osati pa soketi, kuti head ibwerere pamalo pake n'kutsekedwa. Usiku phimbani makina onse ndi nsalu, fumbi la mu Okutobala silisankha.

Ngati mayina ndi ambiri, monga alendo 200 a ukwati, musalembe limodzilimodzi. Alembeni mu Excel, kenako mu Word pitani pa Mailings mugwiritse ntchito Mail Merge. Envelopu iliyonse ituluka ndi dzina lakelake, ndipo kasitomala amalipira mosangalala chifukwa mlendo aliyense amaona kuti waitanidwa iyeyo.

Ena amati maenvelopu akutha chifukwa cha Airtel Money ndi Mpamba. M'shopu mwanga sindikuziona. Mipingo ikufunabe maenvelopu a chakhumi ndi a zokolola, khadi la ukwati lopita kwa ankhoswe ndi kwa amfumu silitumizidwa pa WhatsApp, ndipo kalata yofunsira ntchito imafunabe envelopu yooneka bwino. Amayi a Paper Sunday aja anabweranso chaka chotsatira ndi maenvelopu 400. Asanakhale pansi anatenga imodzi yoyamba kutuluka, n'kuitsegula okha, n'kulowetsamo chala. Inatseguka.

Amene muli ndi makina amene sindinawatchule pano, makamaka amene mwayesapo maenvelopu pa Kyocera kapena pa Riso, tiuzeni mmene zikuyendera kuti amene akufuna kugula mwezi uno amve mbali zonse.